Nkhani ya data yathuyi mwiniwake ndi ndani pa mabungwe atatuwa?

Nasibeko

Abale moni nonse. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa tulo sabata yonseyi, odziwa malamulo komanso inu a zamakompyuta tandithandizeni. Ndiyambe ndi kunena kuti ndikati data sindikunena ya bandulo ija timagula kuti tilowe pa intaneti ayi, ndikunena zinthu zokhudza iwe mwini, dzina, nambala ya foni, komwe uli, anthu omwe ali mu foni mwako, mpaka zomwe umasaka usiku anzako atagona kkkk.

Nkhani yake ili chonchi. Pali app ina yomwe ndakhala ndikugwiritsa ntchito zaka zingapo, dzina sinditchula. Tsiku lina ndikutsegula ndangoona chikalata chadzaza sikirini yonse, eti tasintha mfundo zathu, kuyambira tsiku lakutilakuti tizigawana zinthu zanu ndi makampani anzathu. Pansi pake batani limodzi lokha, lalikulu lobiriwira, loti ndavomera. Loti ndakana kulibe. Kali kamawu kena kotuwa mmunsi kakang'ono ngati nyerere koti werengani zambiri, ndadina, kwabwera masamba ndi masamba, kutsitsa mpaka chala kuwawa osafika kumapeto. Ndatseka. Mawa lake chikalata chomwecho. Tsiku lachitatu ndinangodina basi chifukwa anthu onse omwe ndimachita nawo zinthu ali pomwepo, nanga ndikachoka ndizikalankhula ndi ndani? Mwezi usanathe mameseji otsatsa malonda ayamba kugwa ngati matalala, ena ochokera ku makampani oti sindinawamvepo chibadwire koma akunditchula dzina langa lenileni.

Ndiye ndinati ayi izi ndidandaule. Ndalembera ofesi yoona za ufulu wa ogula, andiyankha mwaulemu ndithu kuti mayi nkhani yanuyi ndi ya chinsinsi cha munthu, pitani kwa oteteza data. Oteteza data akuti tamva, koma paja munadina nokha kuti mwavomera, ndipo zoti munalibe kwina kopita chifukwa kampaniyo ndi yaikulu zedi imeneyo ndi nkhani ya oona za mpikisano pa malonda. A mpikisano nawo akuti ife sitiona dandaulo la munthu mmodzi timaona msika wonse, komanso app yo ndi yaulere ndiye mwaberedwa chani. Akulu ankati mapanga awiri avumbwitsa, ine anga ndi atatu ndipo mvula yonse yathera pa ine.

Funso langa nali. Kodi mabungwe amenewa amalankhulana? Kulipo komwe amagwira ntchito limodzi pa nkhani ngati iyi kapena aliyense amangoyang'ana mbale yake? Nanga bwanji osangowaphatikiza likhale bungwe limodzi tizidziwa khomo logogoda?

Loya_wosamaliza

Achemwali pepani kwambiri, koma mwala mwapunthwapowu apunthwapo ambiri, ngakhale maiko omwe ali ndi maloya odzaza nyumba. Malamulo atatuwa analembedwa nthawi zosiyana pofuna kuchiza matenda osiyana, ndipo powalemba palibe ankaganiza kuti kudzabwera chinthu choti ukuchigwiritsa ntchito osalipira ndalama koma ukulipira ndi mbiri yako. Batani lanu lobiriwira lija likukhudza onse atatu nthawi imodzi. Data yanuyo ndi mtengo womwe mwalipira, ndiye a ogula ikuwakhudza. Ndi chinthu chanu chachinsinsi, ndiye oteteza data ikuwakhudza. Komanso ndi yomweyo ikunenepetsa kampaniyo mpaka wina wamng'ono sangayerekeze kupikisana nayo. Ndiye amene anakuuzani kuti ndi yaulere mwaberedwa chani uja akuganiza za kalekale.

Ndikupatseni nkhani yodziwika. Mu 2014 Facebook inagula WhatsApp pa madola pafupifupi 19 biliyoni. European Commission, yomwe imaona za mpikisano ku Ulaya, inavomereza, ndipo inanena poyera kuti nkhawa za chinsinsi cha anthu si za lamulo la mpikisano, zimenezo ndi za malamulo a data. Facebook inawauzanso kuti sizingatheke kulumikiza mwaokha ma akaunti a WhatsApp ndi a Facebook modalirika. Kufika Ogasiti 2016, WhatsApp yasintha mfundo zake, manambala a foni ayamba kulumikizidwa ndi Facebook. Tsopano taonani mmene anathamangira aliyense njira yake. Woteteza data wa ku Hamburg analamula kuti Facebook isiye kutenga data ya anthu a ku Germany. Bungwe la ku Italy linagwiritsa ntchito lamulo la ogula nkulipiritsa WhatsApp mayuro 3 miliyoni chifukwa chopangitsa anthu kuganiza kuti akapanda kuvomera sangagwiritsenso ntchito app yo. Commission nayo mu Meyi 2017 inalipiritsa Facebook mayuro 110 miliyoni chifukwa choipatsa uthenga wosocheretsa. Chochita chimodzi, maofesi atatu, zilango zitatu, koma kugulana kuja palibe anakubweza, ndipo ndi kumene kunali ndi nyama yeniyeni.

Pomwe zinthu zinatembenuka ndi ku Germany. Mu Febuluwale 2019 bungwe lawo la mpikisano, Bundeskartellamt, linati Facebook ikugwiritsa ntchito ukulu wake molakwika pouza anthu kuti ukafuna kulowa uvomere kuti tiphatikize data yako ya pa Facebook ndi ya pa Instagram, WhatsApp komanso masamba ena a pa intaneti omwe umayendako. Mfundo yawo inali yomwe mwanena inuyo, yoti ngati ulibe kwina kopita ndiye kuvomera kwakoko si kuvomera. Facebook inati inu a mpikisano mwalowa munda wa eni, GDPR, lamulo la data la ku Ulaya, ili ndi oyang'anira ake ndipo wathu ali ku Ireland. Khothi la ku Düsseldorf linayamba laimitsa chigamulocho, khothi lalikulu la Germany mu 2020 linati ayi chipitirire, kenako nkhani inakafika ku khothi la European Union. Pa 4 Julayi 2023 khothilo linagamula kuti bungwe la mpikisano lili ndi ufulu woona ngati lamulo la data laphwanyidwa pamene likufufuza kampani yaikulu, koma lisachite zayekha. Liyambe laona ngati oteteza data anagamulapo kale pa nkhaniyo, ngati anagamula lisapatuke, ngati likukayika liwafunse. Ndipo kamfundo komwe ine kamandisangalatsa ndi koti oteteza datawo akangokhala chete nthawi nkupita, a mpikisano atha kupitiriza kafukufuku wawo. Ndiye palibe kubisala kuseri kwa mnzako.

Koma werengani zaka, 2019 mpaka 2023, ndipo nkhaniyo inatsekedwa mu 2024. Mwana wobadwa tsiku la chigamulo choyamba anali atayamba kale kuyankha makolo mwano.

Wa_maapu

A loya mwafotokoza bwino koma mwaikometsa kwambiri ngati mabungwewa akangokhala pa tebulo limodzi ndiye basi agwirizana. Ine ndimalemba ma app, ndipo zomwe ndimaona ndi zoti nthawi zambiri awiriwa akufuna zinthu zotsutsana. Woteteza data akuti tsekani, musagawe, sungani zochepa. Wa mpikisano akuti tsegulani, apatseniko anzanu ang'onoang'ono kuti nawonso apume. Ndiye kampani yaikulu yochenjera imangosankha lamulo lomwe likuikomera tsiku limenelo.

Zinandichitikira ine ndi anzanga awiri. Tinapanga kachinthu kothandiza anthu kusamutsa zinthu zawo kuchoka ku kampani ina yaikulu kupita kwina, munthu mwiniwake akufuna, wadina yekha, wavomera. Tinapempha kuti atilumikize, yankho linabwera patatha miyezi, mizere itatu yokha, eti sitingathe chifukwa timalemekeza chinsinsi cha makasitomala athu. Kampani yomweyo mkati mwake data ikuyenda chipinda ndi chipinda ngati mwana wa mnyumba. Chinsinsi chimakumbukiridwa pokhapokha wopempha ali wakunja. Tinangosiya, ndalama ya maloya tikanaitenga kuti.

Za poyera zilipo zomwe aliyense angathe kuziona. Apple mu Epulo 2021 inabweretsa kafunso kaja pa iPhone koti kodi mukulola app iyi kukutsatirani pa ma app ena. Anthu okonda chinsinsi anaomba mmanja, ndipo ine ndemwe ndimadina kukana, sindinama. Meta, kampani yomwe ndi mwini wa Facebook, inanena yokha kuti zimenezi ziidyera madola pafupifupi 10 biliyoni mu 2022. Koma mu Malichi 2025 bungwe la mpikisano la ku France linalipiritsa Apple mayuro 150 miliyoni. Silinati cholingacho ndi choipa ayi, linati kachitidwe kake ndi kokondera, ma app a anthu ena amayenera kufunsa munthu kawiri pomwe zinthu za Apple yomwe sizinkadutsa mu chipsinjo chofanana, ndipo omwe anapwetekeka kwambiri ndi ang'onoang'ono odalira otsatsa malonda. Pofufuza nkhaniyi anafunsanso maganizo a CNIL, oteteza data a ku France komweko. Apa ndiye pomwe kulankhulana kuli ndi phindu, chifukwa wa mpikisano akanapita yekha akanatha kugwetsa chinthu chomwe chikuteteza anthu, ndipo woteteza data akanakhala yekha akanangoombera mmanja osaona amene akufinyidwa.

Ya Google ndiye inachita kukhala sewero. Anati tichotsa ma cookie a makampani ena mu Chrome, tija timakutsatira pa masamba omwe ukuyendamo, tibweretsa njira yathu yatsopano yotchedwa Privacy Sandbox. Zomveka zokoma, koma ukachotsa maso a anzako onse iwe nkutsala ndi ako, wapambana ndani? CMA, bungwe la mpikisano la ku Britain, inayamba kufufuza mu Januwale 2021, mu Febuluwale 2022 Google inalonjeza kuti sichotsa ma cookie wo popanda CMA kukhutira, ndipo ICO yoteteza data inali nawo mkatimo ikuyang'ana mbali yake. Zaka zapita, kukoka uku kukoka uko, mapeto ake Google inangoti basi ma cookie akhale. Ndiye wina anganene kuti mgwirizano unagwira ntchito chifukwa msika sunalandidwe, wina anganene kuti ifeyo tikutsatiridwabe ngati kale. Onse awiri sakunama, nchifukwa chake ine ndikamva mawu oti mgwirizano ndimayamba ndafunsa kuti zikavuta amene agonje ndi ndani.

Nasibeko

Eeh koma ndiye mwandizunguza mutu tsopano kkkk. Achimwene a ma app, ndiye mukutanthauza kuti ngakhale atakhala pansi limodzi ine dandaulo langa lingathe kugonja chifukwa akuteteza makampani ang'onoang'ono otsatsa malonda, omwewo akunditumizira mameseji aja? Chifukwa ine kunena zoona kaya ndi wamkulu kaya ndi wamng'ono, wonditchula dzina usiku ndisanamupatse nambala ndi wakuba basi.

Wa_maapu

Ayi achemwali pa nkhani yanuyo onse atatu ali mbali imodzi, batani lopanda kukana palibe angaliikire kumbuyo. Ndimangoti si nkhani zonse zili choncho. Ndipo mwanena zoona, mpikisano woti makampani khumi azipikisana pokutsatirani si umene munthu wamba akufuna.

Mlembi_wopuma

Ana anga ndalowa mochedwa koma ndiloleni ndiponyepo mawu, poti ndinagwirapo ntchito zaka zambiri mu ofesi ya mtundu umenewu ndisanapume. Sindinali bwana, ndinali wolemba ndi kusunga mafayilo, koma wosunga mafayilo ndi amene amadziwa pomwe nkhani imafera.

Mayi Nasibeko, amene anakubwezani aja mwina sikuti ndi aulesi. Choyamba chomwe anthu akunja sadziwa ndi chakuti bungwe lililonse limakhazikitsidwa ndi lamulo lake, ndipo lamulolo limanena pomwe mpanda wake wathera. Ukangodumpha mpandawo, loya wa kampani sayamba ndi kukana mlandu ayi, amayamba ndi kufunsa kuti inu mphamvu yofunsa zimenezi mwaitenga kuti. Mlandu wabwinobwino umagwa pamenepo usanayambe nkomwe, ndiye ofesi imaphunzira mantha, ikaona dandaulo lili pamalire imangolikankhira kwa mnzake. Chachiwiri ndi chinsinsi cha kafukufuku. Kampani ikakupatsa zikalata zake chifukwa lamulo laikakamiza, zikalatazo uyenera kuzigwiritsa ntchito pa chomwe unazitengera. Ndinaonapo fayilo yonenepa ili pa tebulo langa, ndikudziwa bwinobwino kuti anzathu a ofesi ina akufufuza kampani yomweyo ndipo tsamba limodzi lokha la mmenemo likanawathera ntchito ya miyezi, koma kuwapatsa kukanakhala kuphwanya lamulo ineyo. Tinkakumana nawo pa misonkhano, kupatsana moni, kufunsana za ana, aliyense atakhalira fayilo yake.

Mapepala a mgwirizano amasainidwa, zithunzi kujambulidwa, mabwana kugwirana chanza. Koma pepala limenelo silisintha lamulo, ngati aphungu sanalembe kuti bungwe ili litha kupatsa bungwe ilo umboni, ndiye kuti chomwe mwagwirizana ndi kumwera limodzi madzi pa mitingi. Palinso nkhani yomwe anthu sakonda kuitchula, yoti ndani atchuke. Chindapusa chikalengezedwa dzina lotuluka mu nyuzi ndi limodzi, ndipo chaka chamawa pogawa ndalama za boma amakumbukira dzina limenelo. Musaderere zimenezi, ndaonapo nkhani ikugona chaka chathunthu chifukwa choti sanamvane kuti kalata isainidwe ndi ndani.

Koma sindikuti sizitheka. Ku Britain mu Julayi 2020 anakhazikitsa Digital Regulation Cooperation Forum, muli CMA, ICO ndi Ofcom yoona za mawailesi ndi matelefoni, kenako mu 2021 analowanso FCA yoona za ndalama. Si bungwe latsopano lokhala ndi mphamvu zolanga ayi, aliyense mphamvu zake ndi zomwe zija, koma ali ndi antchito ake ndi ndondomeko ya chaka yomwe amaitulutsa poyera. Kwa ine chimenecho ndi chomwe chimasiyanitsa, pakhale munthu amene ntchito yake ya tsiku ndi tsiku ndi mgwirizanowo, osati kuwonjezera pa ntchito ya munthu wotopa kale. Australia ndi Netherlands nawo anapanga zofanana. Ku Ulaya maganizowa anawayambitsa kale Giovanni Buttarelli, yemwe anali woteteza data wa mabungwe a European Union, ndi chomwe anachitcha Digital Clearinghouse, kumene oyang'anira a mbali zitatuzi ankakumana mwa kufuna kwawo kuyambira 2017.

Ndipo musaganize kuti ndi za azungu okha. WhatsApp italengeza mfundo zatsopano kumayambiriro kwa 2021, zija zinapangitsa anthu ambiri kuthamangira ku Signal ndi Telegram, ku Brazil mabungwe anayi analemba kalata imodzi, a mpikisano, a ogula, oteteza data ndi oimira boma pa milandu, kupempha kuti kampaniyo idikire kaye ndipo isalange anthu okana. Ku Nigeria bungwe la FCCPC, lomwe limaona mpikisano ndi ogula pamodzi, linafufuza mothandizana ndi bungwe loteteza data, ndipo mu Julayi 2024 linalipiritsa Meta madola 220 miliyoni, mwa zina chifukwa chosawapatsa anthu a ku Nigeria mwayi wosankha womwe anthu a kwina amapatsidwa. Meta inachita apilo koma mu Epulo 2025 bwalo linagwirizana ndi chilangocho. Kalata yosainidwa ndi anthu anayi kampani imaiwerenga mosiyana ndi makalata anayi obwera masiku osiyana, chifukwa makalata anayi aja imatha kuyankha aliyense zomwe akufuna kumva.

Phwitiko

Agogo mwalankhula zakupsa koma ine ndili ndi a Nasibeko, aphatikizeni basi. Bwana mmodzi, galimoto imodzi, nambala imodzi yoimba. Zinazi ndi kungochulukitsa ma alawansi a mitingi kkkk. Komanso funso, kampani ikalangidwa katatu pa cholakwa chimodzi si kuiponderezanso kumeneko? Ine sindiikonda Meta koma chilungamo ndi chilungamo.

Loya_wosamaliza

A Phwitiko kuphatikiza kulipo kale kwina ndipo sikunathetse zonse. FTC, bungwe loona za malonda la ku America, ili ndi nthambi ya mpikisano ndi nthambi yoteteza ogula pansi pa denga limodzi, ndipo nkhani za chinsinsi zimagwera ku nthambi ya ogulayo poti dzikolo lilibe lamulo limodzi lalikulu la data ngati GDPR. Koma mu 2007 Google ikugula DoubleClick, kampani yotsatsa malonda pa intaneti, FTC yomweyo inavomereza nkunena kuti za chinsinsi sizingakhale chifukwa choletsera kugulana, Pamela Jones Harbour yekha mwa makomishonala ndi amene anakana nkuchenjeza za kuunjikana kwa data. Denga limodzi koma makoma mkati ali chiimire. Ndi FTC yomweyonso inalipiritsa Facebook madola 5 biliyoni mu 2019 itaphulika nkhani ya Cambridge Analytica, kampani yomwe inatenga data ya anthu ambiri a pa Facebook popanda chilolezo chawo, ndalama yoopsa kumva, koma kachitidwe ka bizinesi ka kampaniyo kanatsala momwemo.

Ine chomwe chimandiopsa pa kuphatikiza ndi chomwe anena a ma app chija. Zinthu ziwiri zikatsutsana mkati mwa bungwe limodzi, mkanganowo umathera mu ofesi ya bwana chitseko chotseka, ife akunja sitidziwa nkomwe kuti panali mkangano. Ndipo nthawi zambiri chogonja ndi chinsinsi, chifukwa a mpikisano amabwera ndi manambala ndi ma grafu pomwe woteteza data akubwera ndi mawu oti ufulu wa munthu, ovuta kuwaika pa sikelo. Akakhala osiyana, woteteza data amatha kuima poyera nkunena kuti ife sitikugwirizana nazo, zifukwa zake ndi izi. Komanso woteteza data amayang'anira boma lomwe, apolisi, zipatala, osati makampani okha, ndiye kumumeza mu bungwe la zamalonda ndi kumuchotsa mano ena. Mpikisano ndi ogula kuphatikiza kumayenda bwino, maiko ambiri anatero, koma wa data ine ndingakonde akhale payekha, kungoti lamulo limukakamize kuyankha mnzake akafunsa komanso limulole kupereka fayilo ija agogo ankaikhalira.

Za kulangidwa katatu, funso lanu ndi lenileni ndipo makampani amalidzutsa nthawi zonse. Khothi la European Union mu 2022 pa mlandu wa bpost, kampani ya positi ya ku Belgium, linati zilango ziwiri pa zochita zomwezo zitha kuloledwa ngati malamulo awiriwo akuteteza zinthu zosiyana, koma pokhapokha mabungwewo atagwirizanitsa ntchito yawo, nthawi zake zikhale zoyandikana, ndipo zilango zonse ukaziphatikiza zisapyole kukula kwa cholakwacho. Mukuona pamenepo? Kusalankhulana kumapatsa kampani khomo lothawira, wachiwiri uja akafika mochedwa osadziwa zomwe woyamba anachita mlandu wake utha kutayidwa.

Chitsanzo chatsopano ndi chija cha Novembala 2023, Meta itauza anthu a ku Ulaya kuti sankhani, mulipire mwezi ndi mwezi kapena muvomere kuti tizigwiritsa ntchito data yanu potsatsa malonda. Oteteza data onse a ku Ulaya kudzera mu bodi yawo anati mu Epulo 2024 kuti kwa makampani akuluakulu kusankha kotereku nthawi zambiri sikupereka chilolezo chenicheni. Mabungwe a ogula nawo anadzutsa nkhani yoti mawu oti zaulere akusocheretsa anthu. Kenako mu Epulo 2025 Commission inalipiritsa Meta mayuro 200 miliyoni pogwiritsa ntchito Digital Markets Act, lamulo lomwe ndi la misika koma tanthauzo la chilolezo linabwereka ku GDPR. Nthawi ino atatuwo anakankhira mbali imodzi, ngakhale aliyense anafika pa nthawi yake.

Mlembi_wopuma

Ndiwonjezere kamodzi kenaka ndikagone. Chomwe chimasowa kwambiri mu maofesi amenewa si maloya, ndi anthu otha kutsegula app nkuona kuti data ikutuluka kupita kuti. Kampani imakutumizira chithunzi chokongola cha mabokosi ndi mivi, eti umu ndi mmene data imayendera, iwe ulibe njira yotsimikizira, umangosunga mu fayilo. Anthu odziwa zimenezi ndi odula ndipo makampani omwewo amawalipira kuposa boma. Bungwe lililonse palokha silingakwanitse gulu lotere, koma atatu atasonkherana angathe kukhala ndi kagulu kamodzi kowathandiza onse. Ine pa zonse zomwe zimatchedwa mgwirizano, ichi ndi chomwe ndikanayamba nacho, chifukwa sichifuna kuti wina agonjere mnzake.

Ndipo mayi, musataye mtima ndi yankho loti sitiona dandaulo la munthu mmodzi. Ndi zoona sangakutsegulireni mlandu panokha, koma madandaulo amawerengedwa. Bwana akafuna kuyamba kafukufuku funso loyamba limakhala loti tili ndi angati mu kabati. Komanso oteteza data aja anafulumira kukuuzani kuti munavomera nokha. Mmalamulo ambiri a data chilolezo chimayenera kukhala chaufulu, ndipo munthu ali ndi ufulu wochibweza. Alembereninso, muwafunse funso limodzi lokha, loti batani lopanda kukana ndi chilolezo chaufulu kapena ayi, ndipo ayankhe polemba.

Nasibeko

Agogo zikomo, a loya zikomo, nonse mwanditsegula maso. Mwayi wake ndinajambula sikirini ija tsiku lachiwiri chifukwa ndinkafuna kumuonetsa mchemwali wanga, batani lobiriwira likuoneka bwinobwino lili lokhalokha, ndipo mameseji aja sindinafufute ngakhale imodzi. Ndiye ndapanga chonchi, ndalemba imelo imodzi, ma adiresi onse atatu ndawaika pamzere umodzi pamwamba kuti aliyense aziona kuti mnzake walandiranso, mayankho awo atatu aja ndawamata pansi motsatizana kuti adziwerenge okha mmene anandizunguliritsira. Ndafunsa funso la agogo lija, ndawonjezera langa loti pa atatu inu atsogolere ndani. Ndauzanso anthu asanu omwe tinadina limodzi kuti atumize zawo.

A ma app, funso lina lapambali, kubweza chilolezo kuja mu app mumakubisa pati? Ndasaka mu ma setting monse mpaka ndapeza posinthira mtundu wa zilembo koma pokana sindikupaona.

Wa_maapu

Kkkk si ine ndinabisa achemwali. Yang'anani pansi penipeni pa akaunti, nthawi zambiri amakuika mkati mwa mawu osalakwa ngati zokonda zanu kapena anzathu ogwira nawo ntchito, ndipo mukadina akufunsani kawiri ngati mukutsimikizadi. Mukapanda kupapeza jambulaninso sikirini iliyonse yomwe mwadutsa, muitumize pa imelo yomweyo.